Mashingozi, nimu ndi maola 72: yankho kwa mayi wa ku Chawama

Mayi wina wa ku Chawama walemba motere: "Amayi anga, a zaka 67, atuluka matuza mbali imodzi ya nthiti, kuyambira kumsana mpaka pansi pa bere, ndipo akuti akumva ngati akuwotchedwa ndi moto. Lero ndi tsiku lachiwiri. Mwezi watha mwana wanga anadwala katsabola, ndiye tikuganiza kuti ndi amene wawapatsira. Anzanga a kutchalitchi akuti tiwasambitse madzi a nimu ndi kuwapaka tembusha, ndipo pa WhatsApp ndawerenga kuti asayansi apeza mankhwala m'zomera amene amapha kachilombo kameneka. Kodi n'zoona, nanga tingadalire zomera m'malo mwa mapiritsi? Amayi amamwanso mankhwala a BP."

Mayi, pepani chifukwa cha matenda a amayi. Ndisanalowe m'nkhani ya zomera, ndikupemphani kuti dzuwa la lero lisalowe iwo asanaonedwe kuchipatala, pakuti zimene mwafotokozazi zikufanana kwambiri ndi mashingozi, ndipo mankhwala ake, otchedwa acyclovir, amathandiza kwambiri akayambidwa pasanathe maola 72 kuchokera pamene matuza anayamba kuoneka. Inu muli kale pa tsiku lachiwiri. Yambirani pa chipatala cha Chawama chimene muli nacho pafupi, ndipo ngati pangafunike kupita ku chipatala chachikulu cha UTH, iwo ndi amene adzakutumizeni. Munthu wamkulu amene impso zake zili bwino amamwa mamiligalamu 800 kasanu pa tsiku kwa masiku 7, monga 6 koloko m'mawa, 10 koloko, 2 koloko masana, 6 koloko madzulo ndi 10 koloko usiku. Pa zaka zimene ndakhala ndikupereka mankhwala kwa odwala, ndaona ambiri akumwa katatu kokha chifukwa ndi mmene anazolowera ndi mapiritsi ena, koma acyclovir amalowa pang'ono chabe m'magazi ndipo sakhalitsa m'thupi, choncho kudumpha nthawi n'kupatsa kachilombo mpata wochulukana. Amayi azimwa madzi ambiri masiku onsewo, ndipo popeza ndi achikulire, a chipatala angafune kuona kaye mmene impso zawo zikugwirira ntchito asanasankhe mlingo.

Mdzukulu wawo musamuimbe mlandu. N'zoona kuti katsabola ndi mashingozi zimachokera ku kachilombo kamodzi, kotchedwa varicella-zoster, koma munthu satenga mashingozi kwa mwana wodwala katsabola. Kachilombo kamene kakuvutitsa amayi lero n'kawo komwe, kamene kanalowa m'thupi mwawo pamene iwo anadwala katsabola kalekale, mwina ali kamtsikana. Matuza a nthawi imeneyo atauma, kachilomboko sikanachoke ayi. Kanakwera m'mitsempha imene imatithandiza kumva kukhudza ndi ululu, n'kukabisala m'timfundo ta mitsempha tokhala m'mbali mwa fupa la msana, ndipo kanakhala chete zaka zonsezi chifukwa chitetezo cha m'thupi chinali kukapondereza. Chitetezo chikafooka chifukwa cha ukalamba, HIV, khansa kapena mankhwala ena amphamvu, kachilomboko kamadzuka n'kutsika ndi mtsempha umodzi mpaka pakhungu, ndipo n'chifukwa chake matuza amayenda ngati lamba, mbali imodzi yokha, n'kukaima pakati pa chifuwa kapena pakati pa msana. Dokotala wina wa ku England, Edgar Hope-Simpson, anafotokoza bwino za kubisala ndi kudzuka kumeneku mu 1965 atatsatira odwala a m'dera lake kwa zaka 16. Pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse amadzadwala mashingozi pa moyo wake. Choopsa chili kwina: madzi a m'matuza a amayi angapatse katsabola munthu amene sanadwalepo, choncho amayi oyembekezera, makanda ndi anthu ofooka m'thupi asawakhudze, ndipo matuzawo aziphimbidwa ndi nsalu yoyera yopepuka mpaka atapanga nkhanambo.

Ndakhalitsa pa zimenezi chifukwa yankho langa lonse lagona pomwepa. Matuza amene mukuwaona ndi kumapeto kwa ulendo wa kachilombo, pamene nkhondo yeniyeni ikuchitika mkati mwa mtsempha. Chilichonse chimene mungapake pakhungu chimafika pamwamba pokha, koma mankhwala oti aletse kachilombo kuchulukana ayenera kulowa m'magazi, kufika m'maselo amene agwidwa, ndi kukhalamo pa mlingo wokwanira usana ndi usiku.

Sindine mmodzi wa anthu amene amanyoza zitsamba. Coartem amene timapereka tsiku ndi tsiku kwa odwala malungo anachokera ku chomera cha ku China chotchedwa Artemisia annua, chimene Tu Youyou ndi anzake anatulutsamo artemisinin mu 1972, ndipo mayi ameneyu analandira mphoto ya Nobel mu 2015. Kwinini anachokera ku makungwa a mtengo wa cinchona wa ku South America. Ngakhale pa matenda oyamba ndi mavairasi, mafuta opaka ochokera ku masamba a tiyi wobiriwira anavomerezedwa ku America mu 2006 kuti azichiza njerewere za kumaliseche. Choncho funso lanu ndi lanzeru, ndipo ndi funso lomwelo limene asayansi akhala akufunsa kwa zaka zambiri.

Uthenga umene munawerenga pa WhatsApp uli ndi choonadi pang'ono. Mu 1987, asayansi awiri a ku Japan, Baba ndi Shigeta, anasonyeza kuti glycyrrhizin, chinthu chimene chimatsekemeretsa mizu ya chomera cha licorice, chimachepetsa kuchulukana kwa kachilombo ka varicella-zoster. Mu 2006, ofufuza a ku America anapeza zofanana ndi resveratrol, amene amapezeka m'makoko a mphesa ndi m'nshawa. Mu 2020, a ku South Korea analemba zomwezo za quercetin, amene amapezeka mu anyezi ndi m'masamba ambiri. Zonsezi ndi zoona, koma zonse zinachitikira m'labotale, osati m'thupi la munthu, ndipo ndikufuna muone mmene ntchitoyo imachitikira. Wofufuza amatenga kambale kapulasitiki kokhala ndi timaenje, n'kumeretsamo maselo a munthu mpaka atayala pansi ngati mphasa. Kenako amathiramo kachilombo, ndipo patapita masiku angapo pamphasapo pamaoneka timadontho ta maselo owonongeka, timene amatiwerenga ndi makina okuzira zinthu. M'timaenje tina amathiramonso mankhwala amene akuwayesa, ndipo timadontho tikachepa mmenemo, amalemba kuti mankhwalawo alepheretsa kachilombo. M'kambale kameneka mulibe m'mimba mogaya chakudya, mulibe chiwindi, mulibe impso, ndipo mankhwala amakhala atazungulira maselo nthawi yonse pa mlingo umene wofufuzayo wasankha yekha.

M'thupi zinthu sizili choncho. Resveratrol akamwedwa, matumbo ndi chiwindi zimamusintha mofulumira kwambiri moti wotsala m'magazi osasinthika safika ngakhale gawo limodzi mwa magawo 100. Quercetin nayenso amalowa movutikira. Munthu angadye anyezi ndi nshawa zochuluka bwanji, mlingo umene unagwira ntchito m'kambale sungafike pa mtsempha wa pa nthiti. Glycyrrhizin amalowa ndithu m'thupi, koma ali ndi vuto limene likukhudza amayi anu mwachindunji: akamwedwa wambiri kwa masiku angapo amasunga mchere ndi madzi m'thupi, amakweza BP, ndiponso amatsitsa potaziyamu m'magazi mpaka mtima kuyamba kugunda mosalongosoka. Munthu amene akumwa kale mankhwala a BP, makamaka aja okodzetsa, asayandikire tiyi kapena ufa wa licorice ngakhale wogulitsa atalonjeza zotani.

Acyclovir amapambana chifukwa amadziwa kusankha. Akalowa m'selo labwinobwino amangokhala osachita kanthu, koma akalowa m'selo limene muli kachilombo, kachilomboko komwe ndi kamene kamamudzutsa kudzera mu enzayimu yake yotchedwa thymidine kinase, chinthu chimene kachilomboko kamapanga kuti chikathandize kuchulukana, ndipo akadzuka amalowerera pa ntchito yokopera chibadwa cha kachilombo n'kuidula pakati. Gertrude Elion, amene gulu lake linafotokoza kagwiridwe ntchito kameneka m'zaka za m'ma 1970, analandira mphoto ya Nobel mu 1988. Zambiri zochokera ku zomera sizisankha motere, ndipo nthawi zina mlingo umene umalepheretsa kachilombo umakhala pafupi ndi mlingo umene umawononga selo lenilenilo.

Palinso chifukwa china chimene kafukufuku wa matendawa amayendera pang'onopang'ono. Kachilombo ka varicella-zoster ndi ka anthu okha, moti mbewa za m'labotale sizidwala katsabola kapena mashingozi, ndipo sitepe ya pakati, yoyesa mankhwala pa nyama asanafike kwa anthu, imakhala yovuta ndi yodula. Pa chifukwa chimenechi ofufuza ambiri amayesera zomera zawo pa kachilombo kachibale kake, herpes simplex, kamene kamayambitsa zilonda za pamilomo. Popeza onse awiri ndi a banja la herpes, anthu olemba mauthenga a pa foni amangosakaniza, ndipo zimene zinapezeka pa zilonda za pamilomo, monga za kirimu wa chitsamba cha lemon balm, zimafika kwa inu ngati nkhani ya mashingozi.

Kafukufuku wochitika pa anthu enieni alipo, ngakhale ndi wochepa, ndipo awiri ndi oyenera kuwatchula. Ku Thailand kuli chitsamba chotchedwa Clinacanthus nutans, chimene anthu akumeneko akhala akupaka pa mashingozi kuyambira kale. M'zaka za m'ma 1990, madokotala anayerekeza kirimu wa chitsambachi ndi kirimu wopanda mankhwala, ndipo anapeza kuti matuza ankauma msanga mwa amene anapaka weniweniyo. Boma la Thailand linachiika pa mndandanda wa mankhwala azitsamba ofunika, koma amene anadzaunikanso kafukufukuyu pambuyo pake anati pakufunika wina wamkulu ndi wokonzedwa bwino. Wachiwiri ndi wa kuno ku Africa. Mu 1999 kunatuluka zotsatira za ku Kampala m'dziko la Uganda, kumene bungwe la THETA, logwirizanitsa madokotala ndi asing'anga, linatsatira odwala mashingozi, ambiri mwa iwo ali ndi HIV, ena akuthandizidwa ndi asing'anga ndipo ena kuchipatala. Zilonda zinapola pa nthawi yofanana m'magulu onse awiri, ndipo ululu unatha msanga mwa ambiri a kwa asing'anga. Ntchito imeneyi ndimailemekeza chifukwa madokotala ndi asing'anga anakhala pamodzi n'kumalemba zimene akuona, koma odwala sanagawidwe mwa maere, ndipo aliyense ankadziwa chimene akulandira. Mashingozi amapola okha pakatha milungu iwiri kufika inayi, kotero chilichonse chimene chapakidwa pa nthawiyo chimaoneka ngati ndicho chachiritsa. Mpaka pano palibe mankhwala ochokera ku chomera amene asonyeza, pa kafukufuku wamkulu wa anthu, kuti angalowe m'malo mwa acyclovir.

Komabe zomera zathandiza kale odwala mashingozi m'njira ziwiri zotsimikizika, ndipo zonse ziwiri sizikhudza kupha kachilombo. Yoyamba ndi tsabola. Vuto lalikulu la mashingozi kwa okalamba si matuza, koma ululu umene umatsalira khungu litapola, chifukwa mtsempha unavulala. Mwa odwala 100 alionse, pakati pa 10 ndi 18 amatsala ndi ululu umenewu kwa miyezi, ena kwa zaka, ndipo chiwerengerochi chimakwera ndi msinkhu. Ndaona agogo amene sankatha kuvala bulauzi chifukwa nsalu ikangokhudza nthiti ankalira misozi, pamene pakhungupo panalibe chilonda chilichonse. Capsaicin, chinthu chimene chimawawitsa tsabola, chimatakasa nsonga za mitsempha ya ululu mpaka zitatopa n'kuleka kutumiza uthenga kwa kanthawi. Mu 2009 mayiko a ku Ulaya ndi America anavomereza chomata chokhala ndi capsaicin wa 8 peresenti, chimene achipatala amachiika pakhungu kwa ola limodzi ndipo mpumulo wake ungafike miyezi itatu. Palinso kirimu wa mphamvu yochepa wopaka kunyumba. Chonde mumvetse bwino apa: zimenezi zimaikidwa pakhungu lopola kotheratu, pa mlingo woyezedwa, ndipo tsabola wosinja wothira pa matuza osapola angangowotcha amayi ndi kukulitsa chilonda.

Njira yachiwiri ndi katemera. Katemera wa mashingozi wotchedwa Shingrix, amene anavomerezedwa ku America mu 2017, amateteza anthu oposa 90 mwa 100 alionse a zaka 50 kupita m'tsogolo, ndipo mbali ina ya mphamvu yake imachokera ku QS-21, chinthu chotengedwa m'makungwa a mtengo wa ku Chile wotchedwa Quillaja saponaria. Ntchito ya QS-21 ndi kudzutsa chitetezo cha m'thupi kuti chizindikire bwino kachilombo. Makungwa amenewa ali ndi zinthu zambirimbiri, zina zoopsa zikabayidwa m'thupi, ndipo zinatenga zaka kuti asayansi apatule chimodzi choyenera ndi kupeza mlingo wake. Katemerayu ndi wodula ndipo sali pa ndandanda wa akatemera aulere a boma kuno, monganso katemera wa katsabola, amene Michiaki Takahashi wa ku Japan anapanga mu 1974, sali pa khadi la ana la kusikelo.

Tsopano za nimu ndi tembusha. Kusambitsa wodwala katsabola madzi a masamba a nimu ndi mwambo wakale, makamaka ku India, ndipo madzi ozizirira bwino amachepetsa kuyabwa, kaya muli masamba kapena mulibe. Ngati amayi akufuna, sindingakuletseni kuwasambitsa madzi a nimu owiritsidwa, osefedwa ndi ozizira, malinga ngati akumwa acyclovir wawo ndipo matuza sanaphulike. Madzi oyera a mkati mwa tsamba la tembusha amaziziritsa khungu, koma utomoni wachikasu umene umatuluka pafupi ndi khungwa lake umanyerenyetsa, ndipo ukamwedwa umatsegula m'mimba. Pa matuza ophulika musaikepo masamba osinja, phulusa, dothi kapena mafuta alionse. Mafuta a nimu asamwetsedwe mwana m'pang'ono pomwe, chifukwa ku India ndi ku Malaysia ana ena anakomoka, ena kumwalira, atamwetsedwa mafuta amenewa.

Ndikunena izi ndikukumbukira bambo wina woyendetsa minibasi amene anafika pa chipatala china chimene ndinkagwirapo ntchito, patatha masiku khumi chiyambireni matuza pachipumi. Anali atamatidwa masamba osinja osakaniza ndi phulusa kuyambira m'tsitsi mpaka pachikope, zitauma gwa, ndipo namwino atanyowetsa ndi kuchotsa pang'onopang'ono, pansi pake panali mafinya, diso litatupa osatseguka. Mkazi wawo anandionetsa kabotolo kopanda dzina kamene anagula pamsika, ndipo ankalankhula akunjenjemera chifukwa anachita zonsezo pofuna kuthandiza mwamuna wake. Bamboyo anachira, koma disolo silinabwerere mwakale, ndipo ntchito yoyendetsa galimoto inathera pomwepo. Masambawo paokha mwina sakanawononga diso, koma anadya masiku amene mankhwala akanaliteteza.

Pa katsabola wa ana, mwana wathanzi nthawi zambiri safuna acyclovir. Chofunika ndi paracetamol thupi likatentha, calamine wopaka pa zoyabwa, kuwenga zikhadabo kuti asadzikande mpaka zilonda, ndi kumusunga kunyumba mpaka matuza onse atauma. Aspirin, amene chiyambi chake chilinso m'zomera monga makungwa a mtengo wa willow, asaperekedwe kwa mwana wa katsabola chifukwa angayambitse matenda a Reye, amene amawononga chiwindi ndi ubongo, choncho muziwerenga kapepala ka mapiritsi a mutu ogula pa kantemba, pakuti ena ali ndi aspirin mkati. Ibuprofen nayenso ndi bwino kumupewa chifukwa amawonjezera ngozi ya zilonda zoopsa za pakhungu. Katsabola akagwira munthu wamkulu, mayi woyembekezera, khanda kapena munthu amene ali ndi HIV, ameneyo apite kuchipatala tsiku lomwelo, popeza kwa iwo acyclovir amafunika kuyambidwa pasanathe maola 24.

A chipatala akapempha kuyeza amayi HIV, musakhumudwe ndipo iwo asachite manyazi. Pa zaka 67 ukalamba wokha ndi chifukwa chokwanira cha mashingozi, koma kuno kwathu matendawa akhala chizindikiro choyamba cha HIV kwa anthu ambiri kuyambira m'zaka za m'ma 1980, ndipo kuyeza ndi mwambo wabwino kwa wodwala aliyense. Kwa owerenga amene ali pa ma ARV ndiwonjezere kuti chitsamba cha St John's wort, chimene chimagulitsidwa m'makapisozi ndipo ena amachitama kuti chimatonthoza mitsempha, chimatsitsa mlingo wa dolutegravir ndi ma ARV ena m'magazi, choncho sichiyenera kumwedwa pamodzi nawo.

Chimene ndimalakalaka n'chakuti nzeru za asing'anga athu ziyesedwe mwadongosolo monga anayambira ku Kampala. Tili ndi bungwe la asing'anga la THPAZ, tili ndi asayansi ku yunivesite ya UNZA, tili ndi ZAMRA imene ntchito yake ndi kuona kuti mankhwala ogulitsidwa m'dziko muno ndi otetezeka, ndipo odwala mashingozi sasowa m'zipatala za Lusaka. Chitsamba chimene chingathandize pa ululu kapena pa kupola kwa khungu chingayesedwe moonjezera pa acyclovir, popanda kumana wodwala aliyense mankhwala odziwika, ndipo chikapambana tingadziwe dzina lake, mlingo wake ndi anthu amene sayenera kuchigwiritsa ntchito. Botolo lopanda dzina la pamsika silingatiuze chilichonse mwa zimenezi.

Popita kuchipatala lero, tengani mapiritsi onse a BP amene amayi akumwa, ndipo muuze adokotala chilichonse chimene chapakidwa kale kapena kumwedwa, osabisa. Pemphaninso mankhwala a ululu, chifukwa acyclovir sathetsa ululu nthawi yomweyo. Mukabwerera kunyumba, muthamangirenso kuchipatala ngati matuza aoneka pankhope, pafupi ndi diso, pansonga ya mphuno kapena m'khutu, ngati afalikira mbali zina za thupi, ngati khungu lozungulira lafiira ndi kutulutsa mafinya, kapena ngati amayi ayamba kusokonezeka mutu, kutentha thupi kwambiri kapena kukodza pang'ono. Nkhanambo zikagwa koma ululu n'kupitirira, musangoti ndi ukalamba, bwererani mukafotokoze, pakuti pali mankhwala a ululu wa mitsempha monga amitriptyline ndi gabapentin amene amayambidwa pa mlingo wochepa kwa achikulire, ndipo nthawi imeneyo ndi imene mungafunse ngati kirimu wa capsaicin angapezeke.